Makapisozi a kelp: ndipitirize kapena ndisiye?

Nabanda wa ku Capricorn: Mwaswera bwanji abale. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu odziwa zachipatala. Mwana wanga wakwanitsa miyezi inayi ndipo ndikuyamwitsabe. Chibadwire iyeyu thupi linakana kubwerera, ndiye mnzanga wina anandigulitsa botolo la makapisozi a kelp. Akuti ndi zomera za m'nyanja, zimasungunula mafuta komanso zimachulukitsa mkaka wa m'mawere. Ndamwa masabata asanu tsopano, atatu pa tsiku, kuphatikizapo ufa wake kasupuni kamodzi m'phala m'mawa. Kuchepa ndachepadi, siketi ya kutchalitchi yayamba kulowa. Koma usiku mtima ukumathamanga ngati ndakwera phiri, thukuta lili kamukamu pomwe kuno ku Cape Town kukuzizira chonchi, tulo osabwera. Dzulo ndikuthira tiyi kuntchito dzanja linanjenjemera mpaka kapu kulira pa sosala. Kodi ndi mmene zimagwirira ntchito, kapena china chalakwika?

Mayi wa Mapasa: Pepani asisi. Kelp yo ndi chiyani kodi? Ndi namasupuni uja wa mu Shire?

Wam'munda wa ku Kommetjie: Ayi mayi, namasupuni ndi wa m'madzi opanda mchere. Kelp ndi zija zimakhala mbwee pagombe kuno mphepo ikawomba, zakuda zofiirira, tsinde lalitali ngati paipi ya madzi, mkati mwake mwa mphako, kumutu kuli masamba ambiri onga malamba. Ena amaumitsa tsindelo n'kuliliza ngati lipenga. Zimamera pamiyala pansi pa nyanja, m'madzi ozizira okhaokha, kuyambira cha ku Cape Agulhas kukwera mpaka ku Namibia. Nyanja ya kwathu simungazipeze.

Achimwene a Zachilengedwe: Achemwali musachite mantha. Chimenecho ndi chizindikiro choti thupi likutulutsa zoipa. Ine ndimagulitsa zinthu ngati zimenezi ndipo makasitomala ambiri amamva choncho masabata oyamba. Imwani madzi ambiri, pitirizani. Ndi zachilengedwe, mulibe mankhwala a azungu.

Namwino wa ku Leeds: Nabanda, ndangotuluka kumene ku ntchito ya usiku koma sindigona ndisanakuyankheni. Siyani makapisoziwo lero lomwe, ufawo usiyeninso. Mawa m'mawa pitani kuchipatala, botolo likhale m'chikwama, mukawaonetse. Mukawauze zonse zimene mwalemba panozi ndipo mukapemphe kuti akuyezeni magazi a chithokomiro, amati TSH ndi T4. Mwana mupite naye. Ngati usiku uno mtima ungayambe kudumphadumpha, kapena kubanika, kapena kupweteka pachifuwa, musadikire kuche.

Achimwene, ndikulemekezani, koma zimene mwanenazi zikhoza kumuvulaza munthu. Mtima kuthamanga, thukuta, kunjenjemera manja, kusowa tulo ndi kuonda mwachangu, zonse pamodzi, ndi mmene amaonekera munthu amene chithokomiro chake chikugwira ntchito mopyola muyeso.

Nabanda wa ku Capricorn: Mayo ine. Chithokomiro si chotupa cha pakhosi chija? Ine khosi langa lili bwinobwino.

Namwino wa ku Leeds: Aliyense ali nacho chithokomiro, asisi. Ndi kachiwalo kakang'ono kutsogolo kwa khosi, kooneka ngati gulugufe. Kamatenga ayodini m'zakudya n'kupanga timadzi tolamulira liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kagayidwe ka chakudya. Chotupa chija chimabwera kachiwaloka kakavutika, nthawi zambiri chifukwa chosowa ayodini.

Muyeso wake ndi wochepa zedi. Munthu wamkulu amafunika 150 mcg pa tsiku, ndipo mcg imodzi ndi galamu yogawidwa ka miliyoni. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, bungwe la WHO limati 250 mcg. Malire oti munthu asapyole, ku America anaika 1,100 mcg, ku Ulaya anaika 600. Tsono galamu imodzi yokha ya kelp wouma, makamaka mtundu wa kombu, ikhoza kukhala ndi 1,000 kapena 2,000 mcg, mwinanso kuposa. Galamu imodzi ndi kaufa kosafika ngakhale theka la kasupuni. Inu mwakhala mukuthira kasupuni tsiku ndi tsiku, n'kuwonjezera makapisozi atatu pamwamba.

Tandiwerengereni zimene zalembedwa kuseri kwa botolo.

Nabanda wa ku Capricorn: Palembedwa kelp 500 mg basi, ndi chithunzi cha mayi atagwira tepi yoyezera m'chiuno. Za ayodini palibe paliponse. Ufawo unabwera m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina.

Namwino wa ku Leeds: Ndiye vuto lake limenelo. 500 mg ndi kulemera kwa ufa wa m'kapisozi, si kuchuluka kwa ayodini. Kelp sangafanane: mtundu wake, nyanja imene wamera, nyengo imene amudula, zonse zimasintha ayodini amene ali m'kati. Mabotolo awiri ofanana chikuto akhoza kusiyana kutalitali.

Ndinenenso chilungamo, pasakhale wonena kuti ndaweruza ndisanaone magazi. Amayi ena chithokomiro chimasokonekera chokha miyezi yoyamba atabereka, ngakhale asanamwe kalikonse. Mwina ndi zimenezo, mwina ndi kelp, mwina zakumana. Koma mulimonsemo kumwa ayodini wochuluka chonchi n'kuthira parafini pamoto.

Achimwene a Zachilengedwe: Nanga anthu a ku Japan amadya zimenezi tsiku lililonse bwanji, ndipo amakhala ndi moyo mpaka zaka 90? Mukuopseza anthu pachabe, mayi.

Wophika wa ku Sea Point: Pamenepo ndilowepo, amwene, chifukwa ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'khitchini yophika zakudya za ku Japan ndipo kombu ndimamugwira m'mawa uliwonse. Amabwera wouma, wolimba ngati chikopa, wakuda, pamwamba pali tiufa toyera. Tiufato sititsuka, timangopukuta pang'ono ndi kansalu konyowa, chifukwa kukoma kwina kuli pomwepo. Timadula kachidutswa kotalika ngati chala, kuika mu lita imodzi ya madzi ozizira, kudikira theka la ola, kenako pamoto wochepa. Madzi akangoyamba kutulutsa tithovu m'mbali mwa poto timamuvuula, chifukwa akawira msuzi umawawa n'kuyamba kunanda ngati therere. Kenako timathira nsomba youma yopalapala, kusefa, msuzi wa dashi watheka. Lita imeneyo imagawidwa mbale zisanu kapena zisanu ndi imodzi.

Ndiye onani: kachidutswa kamodzi, anthu asanu. Sindinaonepo mkulu wophika wathu akumeza ufa wa kombu ndi supuni. Ndi ndiwo, ndi chokometsera, ngati mmene ife timachitira ndi nsinjiro. Ambiri kumeneko chimene amadya kawirikawiri ndi nori, kapepala kakuda kokulungira sushi kaja, ndi wakame wa mu supu, ndipo ziwirizi ayodini wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kombu.

Kunyumba ndikamaphika nyemba ndimaponyamo kachidutswa kakang'ono. Zimafewa bwino ndipo msuzi umakoma ngati mwaikamo fupa. Koma ndi mwa apo ndi apo.

Wophunzira wa ku Stellenbosch: Kukoma kumene mukunenako kuli ndi mbiri yake, achimwene. Mu 1908 katswiri wina wa ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anafufuza chimene chimakometsa msuzi wa kombu n'kupeza glutamate. Kukomako anakutcha umami, ndipo chaka chotsatira ufa wokometsera wa Ajinomoto unayamba kugulitsidwa. Ayodini weniweniyo anapezekanso koyamba m'zomera zomwezi. Mu 1811, ku France, Bernard Courtois ankagwiritsa ntchito phulusa la zomera za m'nyanja popanga zopangira onga wa mfuti. Tsiku lina anathira asidi wambiri, panatuluka nthunzi ya mtundu wa pepo, ndipo ayodini anadziwika kuchokera pamenepo.

Koma pa funso la achimwene a Zachilengedwe: ku Japan komweko, makamaka m'madera a m'mphepete mwa nyanja ku Hokkaido kumene kombu amachokera, madokotala analembapo za anthu otupa pakhosi chifukwa chodya kombu wambiri. Ayodini akachepa khosi limatupa, akachulukitsa likhozanso kutupa. Ndipo thupi la munthu amene wakula akudya zimenezi kuyambira ali mwana silifanana ndi la munthu amene wakulira ku Mchinji n'kuyamba mwadzidzidzi.

Namwino wa ku Leeds: Zoona zimenezo. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi anthu okulira kumadera osowa ayodini, omwe mwina ali kale ndi timibulu m'chithokomiro osadziwa. Akalandira ayodini wambiri nthawi imodzi, timibuluto timayamba kupanga timadzi tija mosalamulirika. Kwa ena zimachitika mosiyana, chithokomiro chimangozima: munthu kutopa, kumva kuzizira, kunenepa, kudzimbidwa, khungu kuuma. Ndiye amene anagula kelp kuti achepe thupi akhoza kupezeka akunenepa kuposa kale.

Achimwene ophika, dziwaninso kuti ayodini wa kombu amasungunukira m'madzi. Ngakhale mwavuula chidutswacho, wambiri watsala mu msuzi. Mwa apo ndi apo mmene mukuchitiramo palibe vuto kwa munthu wabwinobwino. Kuno ku Britain bungwe la akatswiri a zakudya, British Dietetic Association, limalangiza kuti zomera zofiirira za m'nyanja ngati kelp zisadyedwe koposa kamodzi pa sabata, makamaka mayi akakhala woyembekezera, komanso kuti makapisozi a kelp asagwiritsidwe ntchito ngati njira yopezera ayodini. Amanena zimenezi m'dziko limene mchere wambiri wa m'sitolo ulibe ayodini, anthu amadalira mkaka ndi nsomba.

Agogo a ku Ntcheu: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinakula m'zaka za m'ma 1960 kumapiri, ndipo amayi otupa pakhosi anali osasowa m'mudzi. Azakhali anga anali nacho chachikulu ngati chibakera cha munthu wamkulu. Ankamanga kansalu m'khosi popita kumsika, ndipo akagona chagada mpweya unkamveka ukuliza mluzu. Anthu ankanena zambiri, ena amati anawalodza, ena amati anameza chinthu. Palibe ankadziwa kuti ndi chakudya. Mchere tinkagula wa miyala wopimidwa pa kambale, masiku ena tinkangodalira chidulo.

Lero pitani kumudzi komweko, atsikana makosi ali see. Chinasintha ndi mchere wa m'paketi uja. Ndiye ndikamva kuti mwana wa kwathu akugula ayodini wa m'botolo ndi ndalama zovutikira, pomwe ali naye kale m'kabati, mtima ukundiwawa.

Wophunzira wa ku Stellenbosch: Agogo mwakhudza penipeni. Dothi la kumapiri ndi la madera akutali ndi nyanja ya mchere limakhala losauka ayodini chifukwa mvula inamukokolola kalekale, ndiye chimanga ndi masamba omera pamenepo amakhalanso osauka. Chinangwa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutolo, chifukwa chili ndi zinthu zotchinga chithokomiro kuti chisatenge ayodini bwino. N'chifukwa chake ku Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1990 lamulo limafuna kuti mchere wogulitsa ukhale wothira ayodini, ndipo kuno ku South Africa lamulo lotero linayamba mu 1995. Amene amathira mchere wa m'paketi mu ndiwo, n'kumadyako mazira, mkaka kapena nsomba za m'nyanja ya mchere, nthawi zambiri wakwanitsa kale.

Mayi wa Mapasa: Ine nkhawa yanga ili pa khandalo. Zimene mayi akumwa sizikupita mu mkaka?

Namwino wa ku Leeds: Zikupita, mayi, ndipo n'chifukwa chake ndati apite naye. Bere limakoka ayodini mwamphamvu kuti mwana apeze wokwanira, chifukwa ubongo wake umamufuna pokula. Koma akachuluka, chithokomiro cha khanda sichitha kudziteteza ngati cha wamkulu, chikhoza kufooka. Ku Korea kuli mwambo woti mayi akabereka amamwa supu ya miyeok, yemwe ndi wakame yemweyo, katatu pa tsiku kwa masabata angapo. Ndi mwambo wachikondi ndithu, ngati mmene ife timaphikira mayi wachikuta phala la nsinjiro, koma madokotala apezapo makanda ena amene chithokomiro chinafooka chifukwa cha ayodini wochuluka mu mkaka.

Ku Australia mu December 2009 anachotsa m'masitolo mkaka wa soya wotchedwa Bonsoy atapeza kuti unali ndi ayodini wochuluka zedi chifukwa cha kombu amene ankathiramo. Anthu ambiri anadwala chithokomiro, ena anali amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti.

Nabanda, musasiye kuyamwitsa mwa inu nokha. Siyani kelp, mwana apitirize kuyamwa, adokotala akamuone.

Nabanda wa ku Capricorn: Ndamva asisi. Misozi ikutuluka pano. Ndimangofuna kuoneka bwino pa ubatizo wa mwanayu. Akugona kwambiri masiku ano, ine ndimati ndi mwana wofatsa.

Mayi wa Mapasa: Musadziimbe mlandu, asisi. Tonse tinadutsamo, thupi la uchembere limabwerera pang'onopang'ono. Mawa ndili pa ofu, ndikuperekezani. Ndilembereni kumbali tigwirizane nthawi, tilawirire mzere usanatalike.

Namwino wa ku Leeds: Zikomo mayi. Za kugonazo mukawauzenso adokotala, pamodzi ndi mmene akuyamwira ndi mmene akuchitira chimbudzi. Makanda ambiri amagona chonchobe, musadzizunze usiku uno.

Achimwene a Zachilengedwe: Chabwino, za woyamwitsa ndavomera, sindimadziwa. Koma musanene ngati kelp ndi poizoni. Muli calcium, muli iron, muli magnesium. Ndipo za kuchepetsa thupi ndinawerenga kuti asayansi anatsimikiza.

Wophunzira wa ku Stellenbosch: Palibe wanena kuti ndi poizoni, achimwene. Zimene mwatchulazo zilimodi, mulinso vitamini K, folate ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Koma kuti mupeze calcium kapena iron wokwanira kuchokera mu kelp muyenera kudya wambiri, ndipo musanafike pamenepo ayodini wapyola kale malire kambirimbiri. Bonongwe, chisoso, nkhwani, usipa wodya ndi minga yomwe, zimakupatsani zomwezo popanda chiopsezo chimenechi.

Za kuchepetsa thupi, chimene ndikudziwa ndi ichi. Mu kelp muli chinthu chonanda chotchedwa alginate. Ku Newcastle University anapeza mu labotale kuti chimafooketsa madzi a m'thupi ogaya mafuta. Zimenezo n'zosangalatsa, koma ndi alginate wosefedwa, woyesedwa mu labotale. Sizikutanthauza kuti kapisozi ya ufa wa kelp ichepetsa mimba ya munthu. Ndipo munthu akamaonda chifukwa chithokomiro chapenga, sakutaya mafuta okha, akutayanso minofu, mafupa akufooka, mtima ukutopa.

Alginate yo payokha ndi yothandiza kwambiri, ndipo ambiri mwaigwiritsapo ntchito osadziwa. Ili mu Gaviscon amene timamwa chilungulira chikavuta: imapanga kathovu koyandama pamwamba pa chakudya m'mimba kuti asidi asakwere kukhosi. Imathiridwa mu ayisikilimu kuti asalale. Madokotala a mano amadindira nayo mano popanga oikirira.

Namwino wa ku Leeds: Ifenso pa wodi timamangira mabala otuluka madzi ambiri. Kansalu kake kamaoneka ngati thonje, kakayamwa madzi a pabala kamasanduka konanda, ndiye pochotsa sikamatirira, wodwala samva ululu kwambiri. Ndimakakonda kwambiri pa zilonda za okalamba.

Popeza achimwene mumagulitsa, ndikupempheni chinthu. Musanapereke botolo, funsani. Woyembekezera ndi woyamwitsa ayi. Aliyense amene ali ndi vuto la chithokomiro, kaya akumwa levothyroxine kaya carbimazole, ayi. Amene akumwa amiodarone wa mtima ayi, chifukwa mankhwalawo ali kale ndi ayodini wambiri. Amene akumwa warfarin afunse kaye kuchipatala, vitamini K amasokoneza mankhwalawo. Odwala impso asamale ndi potassium, a BP akumbukire kuti zomerazi zili ndi mchere wambiri. Ana ang'ono ayi. Ndipo botolo losalemba kuchuluka kwa ayodini musaligulitse n'komwe. Madokotala a chithokomiro a ku America, American Thyroid Association, amalangiza kuti munthu asamwe kapisozi ya kelp kapena ya ayodini yopyola 500 mcg pa tsiku.

Achimwene a Zachilengedwe: Ndalemba zonsezo. Kunena zoona atatu mwa makasitomala anga ndi azimayi a BP. Ndiwaimbira.

Mnyamata wa ku Dunoon: Nanga bwanji osangokatola pagombe n'kuphika? Ndi zaulere, ndiponso ukudziwa chimene ukudya.

Wam'munda wa ku Kommetjie: Amwene, zogwera pagombe zija musadye. Zimakhala zayamba kuola, ntchentche zili ng'waa, agalu adutsapo. Komanso kumbukirani kuti ku Green Point, Camps Bay ndi Hout Bay kuli mapaipi otayira zonyansa za m'tauni m'nyanja. China, kutola za m'nyanja kuno kumafuna chilolezo, ndipo malo ena ndi otetezedwa, simuloledwa kuchotsa kanthu. Munthu wobwera ngati ife kugwidwa ndi thumba la zimenezi ndi kudziputira nkhani.

Kumene ine ndaona ubwino wa kelp ndi m'munda. Kumene ndimagwira ntchito timagula wamadzimadzi wa m'botolo, Kelpak, wopangidwa konkuno kuchokera ku kelp wa m'nyanja yomweyi. Ndikamaokera mbande za tomato ndimaviika mizu m'madzi osakaniza ndi kapu yaing'ono ya mankhwalawo. Mbande sizifota kwambiri, ndipo ukazula imodzi pakatha masabata awiri umapeza timizu toyera tambirimbiri. Si feteleza wolowa m'malo mwa manyowa, amangothandiza mizu kugwira. Cha ku Hermanus ndi Gansbaai amadyetsera nkhono za perlemoen zoweta. Ntchito zake ndi zimenezo.

Wophunzira wa ku Stellenbosch: Ndiwonjezere pa za kutola. Zomera za m'nyanja zimayamwa zimene zili m'madzi, zabwino ndi zoipa zomwe, kuphatikizapo arsenic, cadmium ndi mtovu. Choopsa kwambiri pa arsenic ndi hijiki, tizingwe takuda timene timagulitsidwa m'masitolo a zakudya za ku Asia. Si kelp weniweni koma amaikidwa shelefu imodzi. Bungwe loona za zakudya ku Britain linachenjeza anthu mu 2004 kuti asamadye. Ufa wa m'kapepala kopanda dzina ngati wa a Nabanda, palibe angakuuzeni kuti ndi mtundu uti kapena unachokera m'madzi otani.

Mayi wa Mapasa: Nanga sea moss amene atsikana akumwa pa TikTok, ndi yemweyu?

Wophunzira wa ku Stellenbosch: Ndi wina, wa m'gulu la zofiira, koma nayenso ali ndi ayodini wosadziwika muyeso, ndipo kawirikawiri amamusakaniza ndi bladderwrack, chomera china cha m'nyanja chimene chili ndi ayodini wambiri. Chenjezo ndi lomwelo.

Nabanda wa ku Capricorn: Abale, ndabweranso patha masiku anayi. Tinapita ndi mayi a mapasa, Mulungu awadalitse, anandigwirira mwana tsiku lonse. Zotsatira zatuluka lero. Akuti TSH yanga yatsika kwambiri ndipo T4 yakwera, chithokomiro chikuthamangadi. Adokotala anatembenuza botolo lija kangapo kufuna pamene alemba ayodini, osapapeza, n'kulisunga. Andipatsa timapilitsi tochepetsa kuthamanga kwa mtima, akuti tomwe woyamwitsa amaloledwa, ndipo ndibwererenso pakatha masabata asanu ndi limodzi akayezenso. Mwana anamutenga magazi, zake zituluka Lachiwiri. Sikelo yake akuti ili bwino. Usiku wathawu ndagona maola asanu osadzidzimuka.

Namwino wa ku Leeds: Mwachita bwino kwambiri, asisi. Ayodini amatenga masabata kuti atuluke m'thupi, ndiye musadabwe ngati thukuta lipitirire pang'ono. Tsiku loyezanso lija musaliphonye ngakhale mutamva bwino, chifukwa nthawi zina chithokomiro chikatha kuthamanga chimayamba kufooka, ndipo amafuna kuchigwira msanga. Mchere wa m'paketi pitirizani kuthira mu ndiwo monga mwa masiku onse.

Agogo a ku Ntcheu: Tithokoze Mulungu, mwana wanga. Lachiwiri utiuze za mdzukulu wathuyo. Nanga mnzako anakugulitsa uja wamuuza?

Nabanda wa ku Capricorn: Ndamuuza, agogo. Sanakane, akuti nayenso anangopatsidwa ndi wina ndipo akumwa yemweyo. Mng'ono wake ali ndi pakati pa miyezi isanu, anamupatsanso botolo. Ndamutumizira zonse zimene alemba anamwino panozi, ndipo mawa tikaweruka tipitira limodzi kwa mng'ono wakeyo.